Usanazule Duwa la pa Manda a Mayi

Van Thanh, Da Lat
Pa 6, mwezi womaliza chaka

Iwe Thoi, mlongo wanga,

Moni ndikukupatsa chifukwa mayi anatiphunzitsa kuti ngakhale galu wa eni ake umamulankhula kaye usanadutse pakhomo pake. Uli bwanji kumeneko? Mawondo amene ndikumva kuti atupa ngati maungu aja akukulola kugona? Nanga mlamu wanga Nhan, chifuwa chija chinamusiya? Iyeyo ndikumufunsa ndi mtima wonse. Iwe ndikukufunsa ndi theka.

Ife kuno tilipo. Mwendo wanga wamanzere ndi umene ndikuukoka, za mwendowo uzimva kutsogoloku. Kuzizira kwayamba, m'mawa nkhungu imabisa ngakhale denga la oyandikana nawo. Tet, chikondwerero chathu cha chaka chatsopano, wayandikira, malole a maluwa akutsika ku Saigon tsiku ndi tsiku, ndipo alendo adzaza m'misewu, kujambulitsa pa chilichonse, ngakhale pa mulu wa manyowa. Anzathu onse ali kalikiliki kudula ndi kumanga mitolo. Ife chaka chino tikungoonerera.

Ukudziwa kuti cholembera sindinachigwirepo. Kusukulu munapita inu amuna, ine ndinali kumbuyo kwa njati yolimira m'munda wa mpunga. Akulemba kalatayi ndi mpongozi wanga Tuyen, mkazi wa mwana wanga Dam. Ndamuuza kuti alembe monga zikutulukira m'kamwa mwanga, asathiremo shuga. Ukapezamo mawu okoma, udziwe kuti wawazembetsamo ndi iyeyo.

Foni ndinaimba kawiri. Koyamba utangomva mawu anga unaiika pansi. Kachiwiri unatuma Nhan kuti anene kuti wapita kumunda, ine ndikukumva ukutsokomola kumbuyo kwake. Chifuwa chimenecho ndikuchidziwa chibadwire chako. Pepala lilibe pozimitsira, ndiye uwerenga basi. Kalatayi ikubwera pamanja ndi Dieu, mayi wa m'mudzi mwathu uja amabwera kuno ndi adyo ndi nsomba zouma, choncho usadzaname kuti inasochera ku positi.

Usaganize kuti ndalemba chifukwa ndakusowa. Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, ndipo m'mimba ndamva ndine. Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna kwa iwe lisanafike tsiku la 20, limene a fuko lathu mukalambule kumanda. Koma ndisanachitchule, khala pansi, tambasula mawondo akowo, umve zimene unakana kumva zaka zinayi zapitazo pamene unkakuwa pageti panga.

Ukulikumbukira duwa la rozi loyera la kuseri kwa chitsime kwathu? Lija mayi ankathothola timasamba take n'kutitenthetsa pa nthunzi ya mpunga pamodzi ndi shuga wamiyala, kutimwetsa tikadwala chifuwa. Iwe unamwa kuposa tonse, poti unali wa mamina chaka chonse. Pokwatiwa ndi malemu Khiem n'kukwera kumapiri kuno, ndinatenga kanthambi kake, nditakabaya m'thunthu la nthochi kuti kasaume m'njira. Kanamera. La kuchitsimelo iwe unadzalikwirira ndi simenti pokulitsa khonde lako, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Khiem anagwira ntchito m'minda ya maluwa ya anthu zaka makumi awiri tisanapeze kathu kamunda. Marozi amene timagulitsa kuno ndi achizungu: duwa limodzi lalikulu pa tsinde limodzi lalitali, losongoka pakati, lowongoka ngati msilikali. Kukongola kokha. Ukalinunkhiza zili ngati wanunkhiza beseni latsopano. La mayi fungo lake limakupeza uli kumsewu, koma khosi n'lofooka, limawerama ngati mtengwa wofika kumene, ndipo ukalidula m'mawa, madzulo layoyoka. Khiem anati awiriwa akwatirane, mwana atenge msana wa bambo ndi fungo la mayi. Anzake ankamuseka, ati Khiem watopa ndi ulimi, wayamba unkhoswe.

Iwe umaganiza kuti maluwa amangomera ngati bonongwe wa kudzala. Tamva. M'mawa mame asanaume umasankha duwa limene lisanatseguke, n'kulivula timasamba tonse, n'kubudula timitu tachikasu tokhala ndi mungu, kuti lisadzibereketse lokha. Mawa lake umatenga mungu wa duwa linalo, umene wagona m'kambale, n'kupaka pakati pake. Khiem ankapaka ndi nthenga ya bakha, atagwira mpweya ngati akulowetsa ulusi m'singano. Ukatero umaliveka kathumba ka pepala kuti njuchi isabwere ndi mwamuna wina. Pakatha miyezi inayi kachipatso kapsa. Njere zake umazigoneka m'firiji miyezi iwiri, kuzinamiza kuti kwagwa chisanu cha kwa azungu. Nsomba zathu zinkaonongeka pakhonde firiji itadzaza njere.

Pa njere chikwi zimamera mwina mazana awiri, ndipo pa mazana awiriwo palibe ziwiri zofanana. Lina lonunkhira koma lopindika. Lina lowongoka koma masamba ali mbuu ndi chuku. Lina lamasamba ambiri, lodzitukumula, koma duwa osatulutsa, lotero ndinkalitcha Thoi. Umazula, umataya, umayambiranso.

Zaka zisanu ndi zinayi tinachita zimenezo. Ana oyamba tinawakwatitsanso kwa achizungu ena, adzukulu chimodzimodzi. Khiem ankalemba manambala pa timapepala. Ine wosawerenga ndinkamangirira tinsanza, mtundu uliwonse ndi banja lake, ndipo sindinasokonezepo ngakhale kamodzi, pamene timapepala take tinkafufutika ndi madzi. Mbande imene inadzapambana zonse inali ya kansanza kabuluu, kong'ambidwa ku malaya ake akale.

Inatulutsa duwa loyamba Khiem ali kale chigonere, chiwindi chitamutha. Ndinanyamula mphika womwewo kupita nawo kuchipinda. Kunja kwa duwalo kunali ngati papaya wakupsa, pakati ngati tiyi wothira mkaka, tsinde chilili, osafuna chochirikiza. Ananunkhiza, anatsinzina, n'kunena kuti, Luu, yala mphasa, apongozi afika. Sanathe sabata.

Mbewu yotere siberekana ndi njere, ukafesa njere zake zimatuluka zina. Njira yodalirika ndi kumezanitsa. Umasenda kadiso kamodzi pa nthambi, pamene tsamba limatulukira paja, n'kukalowetsa pansi pa khungwa la rozi wakutchire. Diso limodzi, mtengo umodzi. Nthambi yabwino imakhala ndi maso anayi kapena asanu. Zaka ziwiri ndinalera kachitsamba kamodzi kameneko mpaka kanakhala ndi nthambi zisanu ndi ziwiri zokhwima. Timitengo takutchire makumi atatu ndinali nditakonza kale, ndikungodikira kuti mwambo wootcha nsalu zoyera za maliro a Khiem uthe, ndimezanitse.

Ku mwambowo kunabwera iwe, ndi jekete lobwereka. Unadya, unamwa, unalirako pang'ono pamene anthu ankayang'ana. M'mawa mwake ine ndili kukhitchini kukukulungira mpunga womata wa m'njira, iwe uli m'shedi ndi sizasi ya Khiem. Maluwa ofiira ndi achikasu anali mizere mizere, osawerengeka. Ukanadula mtolo wolephera kuusenza sindikanatsegula pakamwa. Koma mphuno yako inakutsogolera pakona, pa kachitsamba kamodzi ka kansanza kabuluu. Nthambi zonse zisanu ndi ziwiri, kudulira pansi penipeni ngati ukumwetera ng'ombe.

Ndinakupeza pageti, mtolo uli m'nyuzipepala kukhwapa. Ukukumbukira zimene unanena? Ine ndikukumbukira, buku langa ndi mutuwu. Unati, achemwali musakuwe, mkuja ndi chikumbutso cha mayi, maluwa a pa guwa la makolo sapempha, amangodula. Ndinati sapempha pakhomo pako, pano ndi pa Khiem. Unati fungo ili ndi la kuchitsime kwathu, ndalidziwa ndisanalowe n'komwe, ndiye likungobwerera kwawo. Ndinati bweretsa ndichotseko maso okha, maluwawo utenge. Unati mayi sapatsidwa zinthu zosendasenda ngati chinangwa, ndipo basi ikundisiya. Ndinagwira mtolo, iwe unakoka, minga inanding'amba chikhatho. Chipsera chilipo, Tuyen akuchiona.

Kenako, pamaso pa anthu a mudzi uno amene anatuluka ndi mbale zawo m'manja kudzaonerera, unanena mawu aja. Unati mwana wamkazi akakwatiwa ndi wa eni ake, za makolo a kwathu zisamandikhudze, ndizisamala manda a kwawo kwa Khiem. Ine amene ndinakubereka kumbuyo pothawa mabomba, iwe ukundikodzera msana njira yonse mpaka ku mtsinje wa Tra Khuc. Ndinakuyankha kuti phazi langa silidzapondanso pabwalo pako. Silinapondedi.

Yankho lina linandibwerera basi itapita kale. Ndalisunga zaka zinayi, ulilandire lero. Ngati mwana wamkazi wokwatiwa ndi wa eni ake, ndiye duwa la kuchitsime nalonso linakwatiwa kuno. Mungu unachokera ku duwa la Khiem. Ana ndi a kwa bambo, si mmene mumanenera amuna inu mukakhuta? Ndiye pa lamulo lako lomwelo, unaba ana a eni ake. Tuyen akufunsa ngati alembedi zimenezi. Lemba, mayi iwe, dzanja ndi lako koma pakamwa ndi panga.

Kachitsamba kanatsala zitsa zokhazokha. Kanadwala chaka chathunthu, masamba achikasu, akangaude ofiira osakasiya. Ndinkakatsuka tsamba limodzilimodzi ndi kansalu. Chaka chachiwiri kanaphuka, ndinapezapo maso asanu ndi anayi, anagwira asanu ndi limodzi. Pofika chaka chino inali mitengo makumi asanu ndi limodzi. A ku ofesi yoyesa mbewu anabwera, mayi wina wa magalasi. Ananunkhiza, anayeza kutalika kwa tsinde, anaimika duwa m'botolo la madzi, linakhala masiku khumi ndi awiri osagwetsa kanthu. Anati Tet akadutsa ndipereke mitengo makumi asanu akaiyese m'minda ina, ikapambana ilembedwe m'buku la boma ndi dzina limene ndingasankhe ine.

Apa ndinene cholakwa changa, poti ine si iwe, kuvomera ndimadziwa. Chichokereni iwe ndinaleka kukhulupirira munthu. Bambo Quynh, mnzake wa Khiem amene ali ndi munda kutsidya kwa chigwa, anandipempha kangapo kuti ndiwapatseko mitengo isanu akasunge kwawo. Ankati, alamu, nkhokwe imodzi ikapsa mbewu imapulumukira mu inzake. Ndinawakaniza. Ndinati ngati mlongo wanga wa bere limodzi anandidulira, kuli bwanji wa kutsidya? Mitengo yonse ndinaiika m'shedi imodzi, m'munsi mwa chitunda, pamodzi ndi duwa loyera lija ndinachoka nalo kwathu. Ndinagula loko wamkulu, kiyi m'khosi mwanga.

Loko saletsa matope. Miyezi iwiri yapitayo mvula inagwa masiku asanu ndi atatu osapuma. Munthu amene anagula malo kumtunda kwathu anali atadula mitengo ya paini yonse n'kusalaza ndi thirakitala kuti amange nyumba zogona alendo. Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana tikudya, tinangomva ngati lole ikukhuthula miyala. Chitunda chonse chinatsika. Nyumba inapulumuka ndi mikono iwiri. Shedi sinaoneke ngakhale denga. Ndinathamangirako, matope anandigwetsa, chitsulo chinanditsamira pamwendo. Ndiwo mwendo ndinanena uja.

Dam ndi anzake anakumba masiku atatu. Anatulutsa nthambi zothyokathyoka, zakuda, zonunkha. Ndinasendako maso khumi ndi anayi amene ankaoneka ngati akadali ndi moyo, ndinamezanitsa ndili chigonere, akundibweretsera miphika pabedi. Onse anada. Chimene anapeza chathunthu ndi kansanza kabuluu kokha. Ndakachapa, kali pa guwa pafupi ndi chithunzi cha Khiem.

Wa kumtunda uja anabwera ndi bokosi la mabisiketi, akuti agogo pepani, mvula ndi ya kumwamba. Ndinamuuza kuti mvula ndi ya kumwambadi, koma thirakitala sinagwe kumwamba, ndipo mabisiketi akewo akawabzale pa chitundapo aone ngati agwire dothi. Bambo Quynh nawo anabwera. Anangokhala, anamwa tiyi, n'kupita. Bola akananditukwana.

Zaka khumi ndi zisanu, Thoi. Dam wayamba kunena kuti tigulitse malowa kwa a nyumba za alendo, akuti marozi atikwana, bambo anapita, duwa lawo lapita, tikudikira chiyani.

Ndiye Lolemba lapitali kunatulukira Dieu ndi madengu ake, pakamwa ngati wailesi. Anakhala pansi, anamasula kampango, akuti mayi Luu, tanunkhizani ichi mundiuze ngati si cha kwanu. Munali duwa lofota, laling'ono ngati dzira la nkhuku, lopserera m'mbali ndi dzuwa la kumeneko. Sindinachite kuliyang'ana kawiri. Ndinamva mawu a Khiem m'khutu, ati yala mphasa.

Ndinamufunsa kuti nthambi yake ili kuti. Akuti nthambi ya chiyani, ine ndangobudula mutu poti ndi umene ukununkhira. Ndinati Dieu, zaka zonsezi ukuyenda ku Da Lat, sudziwa kuti moyo wa rozi uli m'nthambi? Akuti mayi, ine ndimagulitsa adyo, masamba ndimataya. Ndikanakhala ndi miyendo iwiri ndikanamuthamangitsa mpaka ku depoti.

Iye ndiye wandiuza zonse. Akuti chikumbutso chija chitatha, maluwa atafota pa guwa, Nhan sanafune kutaya kudzala zinthu zimene zinaperekedwa kwa makolo. Anapita nazo nthambizo kumanda n'kuzibaya m'dothi, kumapazi kwa mayi. Zisanu ndi imodzi zinauma. Imodzi inagwira. Akuti Nhan amatunga madzi kumtsinje kukathirira m'chilimwe, ndipo chaka chilichonse pa tsiku lolambula amaima patsogolo pake, chipewa m'manja, kuti makasu a amuna inu alambalale. Panopa akuti chitsamba chafika m'chiuno. Duwa limene kuno ndinkalifunditsa pulasitiki lapirira mchenga ndi dzuwa la kwathu zaka zinayi popanda dontho la mankhwala. Magazi a kuchitsime amenewo.

Ndiye ukuona pamene ndafika. Padziko lonse duwa la Khiem latsala pamalo amodzi, ndipo linafikapo ndi kuba kwako. Usamwetulire. Munthu akaba mbuzi, khola n'kupsa mawa lake, sasanduka mbusa. Woyenera kuthokozedwa ndi Nhan.

Dieu wandiuzanso za wamaula. Akuti mawondo atatupa unapita kwa mkulu uja wa kuseri kwa msika, ndipo anakuuza kuti pali minga imene ikubaya mayi kumapazi, mizu yalowa m'manda, n'chifukwa chake ululu watsikira kwa mwana wamwamuna. Akuti unabwerako ukutukwana Nhan mudzi wonse ukumva, ndipo walumbira kuti pa 20 ulizula ndi manja ako, ulitenthe. Mawondo amenewo, Thoi, ine ndikuwadziwa. Bambo anali nawo, ndipo pa manda a agogo panalibe duwa. Chimene chinalipo ndi botolo la kachasu wa mpunga pansi pa bedi, ngati limene lili pansi pa lako. Wamaulayo akanakhala wa maso akanayamba waona limenelo.

Koma pa za manda sindilimbana nawe. Achimwene athu awiri anapita, mwamuna watsala ndiwe, lubani umayatsa ndiwe, ukanena kuti lizulidwe lizulidwa. Ndipo ngati n'zoona kuti mayi akubayidwa, sindingafune kuti agone ndi minga chifukwa cha ine. Anagonera zobaya zokwanira ali moyo. Zula. Koma usanazule, dula.

Dam atamva za Dieu nkhope inasintha. Anati akwere basi akadule yekha mwakachetechete, kumanda kulibe mlonda. Ndinamuuza kuti pakhomo pano panalowapo kale munthu mmodzi wodula osapempha, ndipo ine sindinabereke wachiwiri. Za pa manda sadula mwini lubani asanauze amene wagonapo. Nhan sindimutuma, wamva kale zokwanira chifukwa cha duwali. Choncho pempho langa likubwera kwa iwe.

Tchera khutu, poti kumva si mbali yako. Upite m'mawa dzuwa lisanatenthe. Uyatse lubani, uwauze mayi kuti Luu akupempha. Utchule dzina langa, usati wina wake wa kumapiri. Usankhe nthambi zisanu zonenepa ngati kamtengo kodyera mpunga, zimene duwa lake langoyoyoka kumene, osati zanthete, osatinso zokalamba zotuwa. Ukakankha munga ndi chala n'kuthyoka bwinobwino osang'amba khungwa, nthambiyo yakhwima. Iliyonse italike chikhatho chimodzi ndi theka. Masamba uchotse koma usiye timapesi take, ndi zogwirira zanga pomezanitsa. Uzikulunge m'nyuzipepala yonyowa, n'kuzibaya m'thunthu la nthochi monga ndinachitira ine pokwatiwa. Usaziviike m'madzi, usazisiye padzuwa pamene ukucheza ndi anzako. Upatse Dieu, akukwera basi ya pa 18. Zikafika kuno tsiku lachiwiri, maso adzakhala akadali amoyo.

Timitengo takutchire makumi awiri bambo Quynh anditumizira kale dzulo, osawapempha. Ulendo uno theka la imene igwire ikakhala kwawo. Ndaphunzira, ngakhale sukulu yake yandithyola mwendo. A ku ofesi adikira, kaya zaka ziwiri kaya zitatu. Dam ndamuuza kuti za kugulitsa malo atseke pakamwa mpaka basi ya Dieu ifike.

Usayembekeze kuti ndikulonjeza kanthu. Sindikunena kuti ukatumiza ndiye mawu a pageti aja afufutika. Amati chibale ndi fupa sichiola. N'zoona, koma fupa limathyoka, ndipo kukazizira limakukumbutsa. Chimene ndinganene ndi cha dzina. La mayi sindingalipereke kuti amalonda azilikuwa pamsika, la Khiem chimodzimodzi, mayina a akufa sitiseweretsa, pa chimenecho chokha ine ndi iwe tingamvane. Likapulumuka lidzatchedwa Nhan. Uzidzamva dzina la mkazi wako m'kamwa mwa ogula a ku Saigon, uzidzakumbuka kuti wina ankabwera ndi ndowa pamene iwe unkabwera ndi khasu.

Ukapanda kutumiza sindidzalembanso, Tuyen dzanja lake lipume. Koma pa 20 ukamakweza khasu udziwe chimene ukutema. La kuchitsime lili pansi pa simenti yako. Langa lili pansi pa matope. Fungo la mayi latsala m'chitsamba chimenecho basi. Pa chikumbutso chikubwerachi, ukadzayatsa lubani, udzawafotokozere wekha kumene linapita.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Nhan, ndipo umuwerengere kalata yonseyi osadumpha mzere, Dieu akakhala pomwepo akumvetsera. Ndamutumizira juzi ya ubweya ndi tiyi wa kuno wa chifuwa chakecho. Moni kwa mwana wako Hieu ndi mkazi wake, ndi kwa adzukulu onse, ngakhale wamng'onoyo sindinamuonepo chifukwa cha iwe. Moni kwa azakhali a kudoko, uwauze mokweza poti makutu anatha. Dam ndi Tuyen akupereka moni kwa amalume awo. Ine sindinawaletse.

M'phukusi la Dieu muli kanthu kolemera kokulungidwa m'nsalu. Ndi sizasi ya Khiem, yomwe ija unaisiya pa mgolo wa madzi m'mawa uja. Zaka zinayi sindinaigwire, inali m'nyumba pansi pa guwa, n'chifukwa chake matope sanaipeze. Dzulo ndainola ndekha n'kuipaka mafuta, poti zako za kumeneko zimatafuna nthambi. Kagwiridwe kake sindikuphunzitsa, umakadziwa. Tsiku lija unadula zisanu ndi ziwiri osapempha. Lero wopempha ndine. Dula zisanu.

Sizasiyo ibwerere pamodzi ndi nthambi.

Ndine mlongo wako wamkulu, amene anakubereka kumbuyo,

Luu